Dzanja la a Osvaldo M'thumba

A Osvaldo Lencina sanali munthu woyenda naye m'tauni ukakhala pachangu. Mukangotuluka mumsewu wa mumzinda wa Rosario, iwo maso ali pa zidendene za anthu. Ankatha kulondola munthu wosamudziwa mpaka pokwerera basi, kungofuna kuona chimene chikumuponyetsa phazi chotero. Zaka makumi atatu zojambula makatuni oyenda n'zimene zinawasandutsa choncho, ndipo analibe nazo manyazi.

Koma chaka chimenecho anali ndi chinsinsi. Kuyambira mu Malichi dzanja lawo lamanja linayamba kunjenjemera. Ankaopa kwambiri kuti eni kampani imene ankagwirako ntchito akadziwa awalanda pensulo, ntchito n'kuthera pomwepo. Ndiye dzanjalo linkakhalira m'thumba, n'kumatuluka pokhapokha akakhala patebulo lawo loyang'ana kukhoma.

Phwando la bungwe la ojambula makatuni linachitika Loweruka lina mu Disembala, dzuwa likuswa mtengo, nyama ndi masoseji zikupsa pamakala kuseri kwa holo. Mwambo wake ndi wakalekale. Kukatsala mwezi, aliyense amatola dzina la mnzake m'chipewa, n'kujambula kayendedwe kake m'kabuku ka masamba khumi ndi awiri. Nkhope ayi, zovala ayi, timizere tokha. Ukatembenuza masambawo mofulumira ndi chala, kamunthu kamayenda, anthu n'kumalota kuti ndi ndani. Pamasewera amenewa a Osvaldo anali asanagonjepo.

Mayi Nélida, mtsogoleri wa bungwelo, ndiwo ankatembenuza timabukuto patsogolo pa kamera, kamunthu n'kumaoneka pakhoma.

"Rufino uyo!" anakuwa a Osvaldo kabuku koyamba kasanathe n'komwe. "Mimba imayamba kufika, mwiniwake pambuyo."

"Ndi nyama ya bungwe imeneyi, madala, muziipatsa ulemu," anayankha Rufino, wowotcha nyama, akusisita mimbayo.

Kabuku kachisanu kanali kena. Kamunthu kake kankayenda pang'onopang'ono, mkono umodzi ukugwedera, winawo utamatirira m'nthiti. Muholo munangoti zii. A Osvaldo sanalimve bata limenelo, chidwi chinali chitawagwira kale. Anadzuka n'kuyandikira khoma.

"Tabwerezani, mayi. Uyu ndiye wachilendo. Taonani phewa lakumanjalo, lakwera. Si kulumala kumeneku ayi, mkonowo akuugwira dala. Munthuyu akubisa kanthu, ndipo kubisako watopa nako." Anatembenukira anzawo. "Ndani ameneyu? Inu simukumudziwa?"

Onse ankayang'ana thumba la buluku la a Osvaldo.

Tangoganizani, munthu wodziwa kayendedwe ka Rosario yense anali asanadzionepo yekha akuyenda! Manyazi anawagwira, kenaka mantha.

"Ndajambula ndine," anatero Graciela, amene ntchito yake inali kuyeretsa zojambula za a Osvaldo zisanapakidwe utoto. Ankayankhula motsitsa. "Kuyambira Malichi ndakhala ndikuwongola mizere yanu, bambo. Ndinasowa poyambira kukuuzani. Dzina lanu litandigwera m'chipewa muja, ndinati bodza sindijambula."

"Ndiye nonsenu mumadziwa?"

"Madala, munatiphunzitsa kuyang'ana anthu ndinu," anatero Rufino. "Mumati tiziyang'ana aliyense kusiya inu?"

Mayi Nélida sanaseke. "Mwatikhumudwitsa, a Osvaldo. Bungweli mumaliyesa la masoseji okha? Lolemba tipitira limodzi kwa dokotala, tikachoka uko kwa mabwana. Maso ngati anuwo kampani ilibe ena, ndipo tikawauza zimenezo. Koma sitingakamenyere nkhondo dzanja limene mwiniwake akulibisa."

Utsi wa nyama unkalowera pazenera. A Osvaldo anatulutsa dzanja lija n'kulitambasula kuti alandire kabukuko. Linanjenjemera anthu onse akuona, masamba n'kumagwedezeka nalo limodzi. Anatembenuza ndi chala chakumanzere, kawiri, katatu, nkhope ataiyandikiza monga amachitira kuntchito. Anaona kuti ntchitoyo inali yabwino zedi, ndipo zinawapweteka ndi kuwasangalatsa nthawi imodzi.

"Tsamba lachisanu ndi chiwiri, Graciela," anatero. "Chidendene wachitsitsa msanga."

"Sindinachitsitse msanga, bambo. Mumayenda choncho."

"Tenga pensulo. Ndiyenda uone bwino."

Anthu anasuntha mipando. A Osvaldo anayenda kuchokera pakhoma mpaka pakhomo, manja onse awiri ali panja.