Tsiku limene Ababa sanaime pa Njuli

Ndikukumbukira kuti ndili mwana, bambo anga ndinkawadziwa ndi makutu kuposa ndi maso. Ababa anali dalaivala wa lole yonyamula petulo, ndipo panyumba ankagonapo mwa apo ndi apo. Koma njira yawo yochokera ku Limbe kulowera ku Zomba inkadutsa pa Njuli, ndiye ine ndi mchimwene wanga wamng'ono, Yohane, tinkathamangira kumsewu tikangomva kulira kwa injini yawo. Mudzi wathu unali kuseri kwa msika, kupyola minda ingapo.

Loleyo inali nkhalamba, tisanamizane. Ikamakwera chitunda inkabuula ngati ng'ombe yodwala, utsi wakuda uli tolo, moti wapanjinga wamphamvu ankatha kuipitirira akuimba mluzu. Utoto unali utasuluka kalekale. Chitseko cha mbali ya a Saidi, amene ankathandiza Ababa panjira, ankachimanga ndi waya. Komabe mukanandifunsa masiku amenewo, ndikanakuuzani kuti m'Malawi monse munalibe galimoto yokongola kuposa imeneyo, ndipo mwana wotsutsa tikanamenyana.

Pa Njuli Ababa sankaima. Ankangoimba hutala, kutulutsa mkono pawindo, n'kutiponyera buledi kapena kapaketi ka shuga, ife n'kumalimbirana m'fumbi. Sindinafunsepo chifukwa chake. Amene ankafunsa anali amayi aakulu, a Fanesi, akulu awo a mayi anga, omwe nyamakazi inawakhazika pakhonde n'kuwasiyira pakamwa pokha pogwira ntchito.

"Mwamuna wake uti wodyetsa ana moponya ngati nkhuku?" ankatero, mokweza ndithu kuti Amayi amve.

Ndinali ndi zaka khumi pamene Yohane anadwala malungo aakulu. Inali nthawi ya dzinja, chimanga chitakhwima. Akuluakulu a m'mudzi, amuna ndi akazi omwe, anali atapita kumaliro ku Magomero. Pakhomo tinatsala ine, a Fanesi ndi Amayi, amene anali oyembekezera, otopa kale moti ngakhale ndowa ya madzi sankasenza. Dzuwa litakwera, Yohane anayamba kuphupha, maso atatembenuka, thovu lili kukamwa. Anali mnyamata wojintcha, ndipo pakati pathu panalibe woti n'kumunyamula mpaka kuchipatala.

Amayi anandigwira paphewa. "Edina, lero ndi tsiku lodutsa abambo ako. Thamanga. Ukawauze kuti Yohane wavuta, abwere amutenge."

Linali tsiku lamsika. M'mphepete mwa msewu munali thithithi: anyamata a chiwaya akukupiza moto, amayi ootcha chimanga pambaula, madala akusuta chingambwe poyembekezera basi. Ndinaima pakati pa utsi umenewo. Nditamva kubuula kuja, ndinalowa mumsewu mwenimweni n'kukweza manja onse awiri.

Ababa anandiona ali patali ndipo anayamba kumwetulira, dzanja likufunafuna choti aponye. Atayandikira anaona nkhope yanga, kumwetulira kunatha. Ndinapatuka n'kuyamba kuthamanga m'mbali mwa chitseko chawo.

"Ababa, imani! Yohane akufa! Imani!"

Anamva. Sindikukayika mpaka lero, chifukwa tinayang'anizana maso ndi maso. Lole inanjenjemera ngati ikufuna kuima. Kenako ndinamva giya ikukukuta, injini n'kukwiya, ndipo thanki yonse inandidutsa. Ndinaithamangira ndikukuwa mpaka ndinapunthwa n'kugwa chafufumimba m'matope.

Mayi wina wootcha chimanga anandidzutsa n'kundipukuta mabondo. "Madalaivala ndi choncho, mwanawe. Mtima wawo uli pamsewu."

Pobwerera sindinathamange. Nzeru zoti ndipemphe munthu wina pamsikapo sizinandibwerere n'komwe. M'mutu mwanga munali chinthu chimodzi chokha, choti bambo anga andiona ndikulira ndipo apitirira. Ndinawada tsiku limenelo, ndi mtima wanga wonse.

"Andimva koma sanaime," ndinatero nditafika.

Amayi anatenga chitenje n'kugwada pamphasa, kuyesa kumukweza Yohane kumsana mimba ili apo. A Fanesi anayamba: "Sindinkanena ine? Mkamwini wotere achimwene athu akabwerako kumaliro amumangire katundu wake basi."

Asanamalize tinamva chimanga chikuthyoka kuseri kwa nyumba. Anatulukira Ababa, osati kunjira ya kumsika, koma kumbali ya ku Zomba, atadula m'minda ya eni. Ovolosi yawo inali itanyowa ndi thukuta, matope mpaka m'mabondo, ndipo ankapuma ngati awathamangitsa. Sanapereke moni. Anangoti, "Amake Edina, patseni chitenjecho." Anamubereka Yohane, n'kumanga mfundo pachifuwa monga amachitira azimayi, ndipo anauyatsa ulendo wa kuchipatala. Aka kanali koyamba kuti ine ndione mwamuna atabereka mwana ndi chitenje.

Ine ndi Amayi tinatsatira pang'onopang'ono. Pamene tinkafika, Yohane anali atamubaya kale jakisoni ndipo kuphupha kunali kutasiya. Anagonekedwa masiku angapo, koma anachira. Lero ali ndi imvi ndi zidzukulu, ndipo za tsikulo sakumbukira chilichonse.

Madzulo a tsiku lomwelo Ababa anafunika kubwerera ku lole. Anayesa kundilankhula, ine n'kuyang'ana kumbali. Sanakalipe. Anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Tiye undiperekeze."

Tinayenda mtunda wautali ndithu. Tinadutsa msika, tinadutsa masitolo, tinasiya nyumba zomaliza, mpaka tinafika pamalo opanda khomo lililonse, pomwe panali mitengo ya bulugamu yokhayokha. Lole inali itaima pamenepo, miyala ili kumatayala, nthambi zamasamba zitayalidwa pamsewu kuchenjeza magalimoto ena. A Saidi anakhala chapatali pansi pa mtengo, ndodo ili m'manja, kuti wina asayandikire ndi fodya. Atationa anaimirira.

"Mwana ali bwanji, achimwene?"

"Akupuma."

"Mulungu ndi wamkulu," anatero a Saidi, n'kukhalanso pansi.

Ababa ananditengera kumbuyo kwa thanki n'kundiuza kuti ndinjute. Pansi pake panali paipi yokulungidwa ndi mphira ya chubu. Kuchokera pamphirapo, dontho linkatupa pang'onopang'ono, n'kugwa, lina n'kuyamba. Dothi la pansipo linali litada, ndipo fungo la petulo linandilasa m'mphuno mpaka misozi.

"Ikamayenda, mphepo imamwaza," anatero. "Ikaima, zonse zimasonkhana pansi apa. Pamene unaima paja, pafupi nawe panali chiyani?"

"Chiwaya."

"China?"

"Mbaula za chimanga."

"Ndi anthu. Ndi iweyo."

Anandipempha kuti ndiwathirire madzi a m'chigubu asambe m'manja, anauza a Saidi kuti achotse miyala, ndipo ine anandipereka m'manja mwa mayi wina wodziwika amene ankapita ku Njuli. Ndinganame nditati ndinawakhululukira pomwepo. Mwana wa zaka khumi amafuna bambo woima akamuitana, zinazo ndi za akuluakulu. Mkwiyo unachoka mwakachetechete, m'miyezi yotsatira, ine osazindikira.

Patapita zaka zambiri, maso awo atayamba kuchita khungu ndipo lole ija itagulitsidwa kwa odula zitsulo, ndinkawapeza atakhala pamsika pa Njuli kumvetsera magalimoto. Matanki a masiku ano ndi onyezimira, amadutsa mwaulemu ngati akupita kuukwati. Ababa ankawanyoza kuti amenewo amadziyendetsa okha, dalaivala amangoperekeza. Ankakonda kutchula anzawo akale, amene ankagona pansi pa lole m'thengo kudikira makaniko, ndi ena amene sanabwerere kwawo.

Tsiku lina, ine ndili kale ndi ana anga, ndinawafunsa funso limene ndinalisunga kuyambira ndili mwana.

"Ababa, Yohane akanafa inu muli m'minda muja, mukanatani?"

Ababa anati, "Ndikanapitirirabe, mwanangu. Phazi linali kale pabuleki, ndinachita kulichotsa ngati ndikuzula dzino. Koma akanafa, sindikanagwiranso chiwongolero moyo wanga wonse." Anapukuta m'maso ndi chipewa. "Iwe sudziwa. Ndinkakuona pagalasi ukuthamanga, mpaka unagwa. Galasi limenelo ndimalilotabe."

Ine ndinakula ndikuganiza kuti amene anavutika pamsewu paja ndinali ine ndekha. Sindinkadziwa kuti m'kati mwa lole munali munthu amene anamva mwana wake akukuwa kuti mchimwene wake akufa, n'kudzikakamiza kuponda mafuta chifukwa cha anthu a pamsika, amene mpaka lero sadziwa kuti anapulumuka. Palibe anawathokoza, ndipo iwo sanauzepo munthu wina kupatula ine. Tsopano ndikudziwa kuti pa ife awiri, amene analira kwambiri tsiku lija ndi amene sanaime.