Odi pa Kanyumba ka Zipika

Dzulo nditatsegula kashedi ka kuseri kwa nyumba, fungo la matabwa onyowa linandibwezera ku kanyumba kena kamene ndinakaona ndili mwana.

Nthawi imeneyo bambo ankaphunzira pa yunivesite ku Birmingham. Loweruka lina ananditengera kumalo osungirako nyumba zakale. Kumapeto kwake kunali kanyumba ka zipika zosanjikiza, komata dothi m'mipata, kamene anamanga anthu oyamba kuswa mphanje. Azungu ankangolowa ndi makamera awo. Bambo anaima pakhomo n'kuvula chipewa.

"Odi," anatero.

Kunali zii. M'katimo munali bedi la udzu ndi ketulo yakuda, zotchingidwa ndi chingwe.

"Eni ake atikwiyira?" ndinafunsa m'Chingelezi.

"Anamwalira kalekale, mwanangu."

"Nanga nyumbayi ikudikira ndani?"

Bambo anagwira chipika chimodzi kwa nthawi yaitali, kenako anati, "Kwathu mwini nyumba akamwalira timaigwetsa. Ya agogo ako anaigwetsa mwezi watha." Ine ndinaganiza kuti achibale athu ndi anthu oipa mtima, ndipo ndinalonjeza kuti ndikakula ndidzakaimanganso. Sindinkadziwa kuti maliro a mayi awo anangowamvera pa foni, osapitako.

Kumudziko sitinabwerere. Lero bambo ali kunyumba yosamalira okalamba ku Walsall, ndipo dzina langa analiiwala. Manesi amandiuza kuti bambo amaima pa chitseko chilichonse, chipewa kumanja, n'kunena mawu achilendo. Mawuwo ndimawadziwa, koma m'nyumba monsemo mulibe wowayankha kuti lowani.