Kwatentha ku Rimuka

Mukafunsa za Mayi Alinesi ku Rimuka, aliyense akulozerani pakona pamene pamafuka utsi wa chimanga chootcha. Anabadwira pa famu ya fodya kufupi ndi Chegutu, bambo awo atabwera kuchokera ku Dedza, ndipo ntchito yawo yoyamba inali kututira nkhuni kunyumba zowotcheramo fodya. Atakwatiwa ndi munthu wa kumgodi anasamukira kuno ku Rimuka, m'tauni ya Kadoma. Mwamunayo chifuwa chinamutenga, iwo n'kutsala ndi mbaula komanso mwana mmodzi, Tafara. Zala zawo zinafa kalekale moti khala lamoto amalitola ngati mtedza.

Mayiwa mawu oti kutentha sawachoka pakamwa. Dzuwa la Okutobala latentha, mitengo ya zinthu pamsika yatentha, munthu akakwiya watentha mutu. Tafara, amene Chichewa amangochimva koma kuyankha amayankha m'Chishona, ankawaseka kuti chilankhulo chonse cha agogo ake n'chamawu amodzi.

Kuseka kunatha chaka chatha. Tafara ankakumba golide kutchire, ndipo tsiku lina anaona anyamata a zikwanje akutema mnzake polimbirana dzenje. Ena onse anati sanaone kanthu. Iye, pakamwa pake posasunga mawu ngati amake, anakachitira umboni. Kuyambira pamenepo ankabisala kwa msuweni wake ku Chinengundu, ku Chegutu, n'kumabwera mwakabisira kudzaona mwana wake Yamiko, wa zaka zitatu, amene amake anapita ku Joni n'kusowerako. Mayi Alinesi ndiwo anakonza pangano. "Ukandimva ndikuti kwatentha, usafunse. Zimitsa foni, uchotsemo khadi, uchoke pamene ulipo, ukabisale mpaka ndidzakufunefune ndekha."

Lachitatu lina Yamiko anadzuka osafuna phala. Zala zinafa, koma kumbuyo kwa dzanja sikunawanamizepo mayiwa. Atamukhudza pamphumi, anapeza pakuotcha. Anasiya zoyatsa mbaula, n'kumubereka kuti athamangire kuchipatala, koma potsegula chitseko anapeza amuna atatu atakhala pakhonde pawo ngati alendo oitanidwa. Wamkulu wawo, wa chipsera pakhosi, anali atatsamiritsa chikwanje pa ndowa ya madzi.

"Mukupita kuti, gogo?" anafunsa m'Chishona.

"Mwana wadwala. Ndipatseni njira."

Munthuyo anaika dzanja pamutu pa Yamiko, n'kumwetulira. Pali kumwetulira kwina kofunika kukulavulira. "Zoonadi wadwala. Ndiye muimbireni bambo ake abwere. Akanena kuti akubwera, mupita."

Anawalanda foni, n'kuikweza mawu kuti onse amve. Kenako anakodola mmodzi mwa anzake, bambo wa ndevu amene sanalankhulepo. "Maclean, iwenso kwanu n'kumafamu. Akayamba chilankhulo chawochi, utchere khutu."

Mayi Alinesi anamuyang'ana Macleanyo. Nkhope sankaidziwa, koma dzinalo linali la kwawo: ameneyu Chichewa amachimva. Kumsana Yamiko anali kuwaotcha ngati njerwa yochoka mu uvuni. Akanena kuti watentha, Tafara akwera kombi yoyamba n'kudzagwera m'zikwanje. Akanena kuti kwatentha, Maclean n'kumva, ndiye kuti pakhomo pano sachokapo, mwana n'kuthera kumsana. Mawu awiriwa amasiyana kachilembo kamodzi kokha, ndipo zonse ziwiri zinali zoona.

Foni inalira kawiri. "Mhamha?" anayankha Tafara, kuitana amake m'Chishona.

"Tafara, mwana wanga," anatero m'Chichewa, akukoka mawu ngati wodandaula. "Ndili ndi Yamiko pano. Kwatentha, bambo. Kwatentha kwambiri."

Pomwepo Yamiko analira. Kumbali ina Tafara anati, "Ndanzwa," kutanthauza kuti wamva, foni n'kuduka.

"Ati chii?" wa chipsera uja anafunsa Maclean chimene mayiwo ananena.

Maclean anayang'ana pansi, anayang'ana mwana.

"Akuti mwana watentha thupi," anayankha m'Chishona. "Akubwera ameneyo."

Amunawo anawaponyera foni yawo, n'kudzuka kuti akamudikirire pamene makombi a ku Chegutu amatsitsira anthu. Maclean anatsalira m'mbuyo ngati akumanga nsapato, n'kunong'ona m'Chichewa chopindika, cha munthu amene anachisiya ali mwana: "Thamangani naye, amayi. Uyu watentha zoona." Wakutsina khutu ndi mnansi, ngakhale atabwera ndi chikwanje. Mayiwo sanathokoze, nthawi panalibe.

Anathamanga ngati mtsikana, patapata m'manja, phula likuwawawula kumapazi. Anzawo ogulitsa tomato anawaitana, iwo osacheuka. Kuchipatala namwino anamuyeza Yamiko, nkhope yake n'kusintha, ndipo anamulowetsa osadikira mzere. Patapita kanthawi anatuluka n'kuwakokera pambali.

"Gogo, mwanayu tikumutumiza kuchipatala chachikulu. Bambo ake ali kuti? Aitaneni tsopano lino. Akungowatchula, ndipo sindingakulonjezeni kuti podzafika mawa adzamupeza akulankhula."

Mayi Alinesi anatuluka panja, dzuwa lili paliwombo. Anakhala pansi pa mtengo, n'kuyeseza mawu pakamwa kuti asaphonye. Watentha, Tafara. Mwana ndi amene watentha. Usatsikire pamakombi, utsikire panjira, udzere kuseri. Anasindikiza nambala.

Kunamveka mawu a mkazi wa m'makina, aulemu, kunena kuti nambalayo sikupezeka. Anaimbira msuweni uja ku Chinengundu. Iye anati Tafara watuluka ndi kachikwama osatsanzika, foni waisiya pampando, khadi wachotsamo.

Moyo wake wonse mnyamatayu anali wosamva. Anamuletsa za kumaenje, anapita. Anamuuza kuti atseke pakamwa, anakachitira umboni. Lero lokha, kwa nthawi yoyamba, anachita ndendende zimene amake anamuuza.

Namwino anasuzumira pakhomo. "Gogo, galimoto yafika. Bambo ake akuti bwanji?"

Mayi Alinesi anadzuka, n'kumanga foni pansonga ya chitenje.

"Wandimvera," anatero, n'kulowa kukamunyamula mwanayo.