Makaseti a Amalume M'chigafa cha Fodya

Munali mu Malichi, chaka chimene ndinali mu Sitandade 7, ndipo masana alionse ndikaweruka kusukulu ndinkasoka fodya m'chigafa cha amalume kwathu ku Namitete. Pa nsanamira yapakati panali msomali, ndipo pamsomalipo pankalendewera wailesi yakuda ya makaseti, yomangidwa ndi mphira wa chubu cha njinga kuti kachitseko kake kasamatseguke. Ndikaikumbukira ndimamvanso fungo la fodya wamuwisi, ndi utomoni wake wakuda umene unkakanirira m'zala ngakhale usambe ndi sopo.

Amalume, mlongo wawo wa amayi, anagwirapo ntchito ku Chitedze m'minda yoyeseramo mbewu za mtedza. Mzungu wina amene ankagwira naye anawasiyira katoni ya makaseti pobwerera kwawo. Sizinali nyimbo zovina. Imodzi yokha inkatha kudya mbali yonse ya kaseti. Inkayamba ndi chitoliro, ngati munthu akuitana ng'ombe kutali, kenako limba longa la kutchalitchi, kenako magitala okwiya, ndipo ukangoti wapeza popondera, ng'oma zinkasintha n'kukusiya mwendo uli m'malere. Amalume ankati kwawoko amazitcha pulogiresivu roko, nyimbo zopita patsogolo. Amayi ankati ndi nyimbo za anthu osowa chochita.

"Achimwene, ndapita kudambo ndabwerako, kodi ikadali yomweyo?"

"Yomweyo, koma yafika kwina," amalume ankayankha, maso ali pa singano.

Ine ndinali mwana wosayankhula. Kusukulu aphunzitsi ankatha kufunsa ngati ndabwera ndili pomwepo patsogolo pawo. Koma m'chigafa muja kukhala chete kunali luso. Tsiku lina nyimbo itatha amalume anandiyang'ana nati, "Uyu ali ndi makutu." Mawu amenewo ndinawalemba m'buku langa la tsiku ndi tsiku, ndipo ndinayenda nawo ngati nsapato zatsopano.

Anandipatsanso ntchito. Mabatire anali osowa, moti akafooka tinkawayanika padzuwa kuti apezeko mphamvu. Choncho batani lobwezera kaseti mmbuyo silinkakhudzidwa. Kaseti ikatha ndinkaitulutsa, n'kulowetsa cholembera pabowo, n'kumaizunguza m'mwamba mpaka ibwerere poyambira. Ndisanaigwire ndinkatsuka m'manja ndi phulusa. Palibe wina pakhomopo amene ankaloledwa kugwira makaseti amenewo.

Anandiphunzitsa kuwerenga ng'oma. Nyimbo za pa wailesi zinkayenda zinayi zinayi, koma izi zina zinkafika zisanu, zina zisanu ndi ziwiri. Ndinkawerenga chamumtima, singano ikubaya mitsitsi ya masamba. Posakhalitsa ndinayamba kuona ngati nyimbo zina zonse ndi za ana. Madzulo ena ng'oma za chimtali zikumveka kutsidya kwa dambo ndinalimba mtima n'kunena kuti, "Izo zimangobwerezabwereza, eti amalume? Zachimidzi." Amalume anangokoka chingwe n'kupachika fodya pamkangala. Ine ndinati avomera. Lero ndikuganiza kuti ankangomvetsera ng'omazo, ndipo ndinawasokoneza.

Ndinali ndi mng'ono wanga amene ankabwereza Sitandade 4. Mawu ake ankamveka mpaka kumsewu, ndipo kukhala pansi kunkamuwawa. Ntchito yake inali kuthyola fodya kumunda n'kumatuta. Tsiku lina kunagwa mvula yosakata, ndiye amayi anamutumiza m'chigafa kuti adzatithandize kusoka. Anakhala pachitsa akugwedeza miyendo.

"Kodi oimbawo ayamba liti?" anafunsa nyimbo ili pakati.

Kenako inafika pamalo amene ine ndinkawakonda kuposa onse, pamene magitala ankatonthola n'kutsala limba lokha ndi ng'oma yapansipansi. Pamenepo ndinkasiya ngakhale kupuma. Mng'ono wangayo anatsegula pakamwa. Anayamba nyimbo ya pamtondo, yodandaula mwamuna amene anapita kukagulitsa fodya n'kubwerako ndi chipewa chokha. Ankaomba m'ntchafu mwake, osawerenga chilichonse. Kuomba kwake kunkasiyana ndi ng'oma ya m'kaseti, kenako n'kukumana nayo, n'kusiyananso.

"Khala chete iwe, ukuiwononga," ndinanong'ona.

Ndinadikira kuti amalume amukalipire. Anaika singano pansi, napukuta chala chimodzi pathalauza, n'kudina batani lija. Ndinamva kaseti ikulira chamumtima pobwerera mmbuyo, ikudya mabatire amene ndinayanika ndekha. Cholembera chinali m'thumba la diresi langa.

"Tabwerezani pamenepo, amayi," anatero.

Anamutcha amayi, mwana woti mamina ankapukutira pamkono. Anabweza kasetiyo mobwerezabwereza mpaka limba linayamba kukoka mawu ngati munthu woledzera. Atatha anaseka mpaka misozi.

"Anthu awa anatenga limba la m'tchalitchi n'kulisakaniza ndi magitala a kumowa, anzawo n'kumawaseka," anatero. "Akanamumva uyu akanamupatsa mpando."

Kuyambira pamenepo mng'ono wanga sankasowa m'chigafa. Sankatsuka m'manja. Makaseti anayamba kukhala ndi zidindo zakuda za zala zake, ndipo amalume sanadandaule. Nyimbozo anazipatsa maina ake: ya ng'ombe, ya galimoto yokana kulira, ya azungu akukangana pamaliro. Amalume anayamba kuzitchula choncho nawonso. Ine ndinkadziwa pamene ng'oma iliyonse imasinthira, koma palibe ankandifunsa. Lamulungu lina amalume anatsekera wailesi m'nyumba n'kupita ndi mng'ono wangayo kutsidya kukaonera chimtali. Anandiitana, ndinati mutu ukundiwawa. Ndinakhala kuseri kwa nkhokwe, ng'oma zikundipeza komweko.

Ndinkamukonda mng'ono wanga. Tinkafunda bulangete limodzi, ndipo ndine ndinkamuluka tsitsi. Koma masiku amenewo amayi akamukalipira chifukwa chong'amba masamba, mumtima mwanga munkamveka kukoma. Atadwala chimfine mawu n'kusasa, ndinamuphikira madzi a mandimu, koma ndinkalakalaka mawuwo atachedwa kubwerera.

Anabwerera msanga. Fodya atauma, titayamba kusankha, Loweruka lina amalume anatulutsa kaseti ija ya limba. Anafinya kapepala n'kutseka kabowo ka pamwamba pake, kamene kamaletsa kujambulapo.

"Mbali yachiwiriyi ndaimva mokwanira, ili m'mutu," anatero. "Tijambulepo zathu."

Mbali imeneyo ndinkaidziwa ngati njira ya kuchitsime. Ndinafuna kunena kuti pali makaseti ena, koma ndinangopitiriza kusankha fodya. Amalume anaitana amayi kuti atulutse mtondo. Amayi omwe aja onyoza nyimbo za eni anamanga chitenje m'chiuno akuseka, nati, "Mukufuna mundichititse manyazi ndakalamba kale." Anathira chimanga, iwo musi wawo, mng'ono wanga wake.

"Iwe wa makutu, gwira wailesi," amalume anandiuza. "Udine mabatani awiriwa pamodzi, usagwedezeke."

Ndinadina. Ndinaima padzuwa wailesi ili pachifuwa, misi ikugunda mosinthana, gaga akuuluka n'kumatera pamikono yanga. Amayi ankatsogolera, mng'ono wanga akupolokozera pamwamba. Ankaimba bwino, ndipo zimenezo ndi zimene zinkandipweteka. Kudzera pakagalasi ndinkaona tepi ikuzungulira, ndipo ndinkadziwa chimene chikufufutika: apa chitoliro, apa pamene mzungu wina amaimba ngati akulira, apa ng'oma zisanu ndi ziwiri.

Titaibweza kuti timve, anthu oyandikana nafe anasonkhana. Amayi anabisa nkhope m'chitenje atamva mawu awo. Nyimbo ya pamtondo itatha panamveka kuti thi, kenako magitala akale aja anatulukira mwadzidzidzi, mchira wa nyimbo umene sunafufutike. Anthu anaseka. Amalume anaomba m'manja.

"Mwamva? Alandizana!" Kenako anatembenukira kwa ine, nkhope yawo ikuwala. "Nanga iwe wamvamo chiyani?"

Linali funso limene ndinalidikira nyengo yonse. Ndinayang'ana pansi.

"Nkhuku," ndinatero, pakuti penapake tambala analira.

"Eya, nayenso walowa gulu," anatero amalume mokondwa, n'kutembenukiranso kwa oimba.

Tsopano ndine mayi wa ana, ndipo nyimbo za dziko lonse zili m'foni. Ndimadziwa kuti amalume sankakonda nyimbo zija chifukwa chotalika kapena kuvuta, kapenanso chifukwa chochokera kutali. Ankakonda kudzidzimutsidwa. Chilichonse chowafikitsa pamene sanafikepo, kaya chachokera kutsidya kwa nyanja kaya kuseri kwa khitchini, ankachitsegulira khutu. Koma mwana uja woima ndi wailesi sakanamva zimenezi. Iye ankaganiza kuti nyimbo ndi kachipinda kokhala anthu awiri, ndipo wachitatu akalowa wina atuluke.

Pansi pa katoni panali kaseti imodzi imene ngakhale amalume sankaiika kawirikawiri. Munalibe poimbira kapena poombera m'manja. Inkamveka ngati malata akung'ambika ndi mphepo, ndipo tsiku limene ndinaimva inandiopsa mpaka ndinatuluka panja ngati ndikukamwa madzi. Madzulo a Loweruka limenelo, anthu akadali kubwereza nyimbo ya amayi pabwalo, ndinakhala pakhonde ndi buku langa n'kulemba chimene ndinatsimikiza. Mawa tikachokera kutchalitchi ndidzapempha kaseti imeneyo. Ndidzakhala mpaka ithe mbali zonse ziwiri, osatuluka, ndipo amalume akadzandiyang'ana ndidzawauza kuti ndaikonda kuposa zonse.