Madzi a Mabwana Awiri

A Mabotolo agwira umesenjala ku labotale ya m'tauni mwathu zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Dzina lawo lenileni limapezeka pachiphaso pokha. Ntchito yawo ndi kutsuka mabotolo, kumatapo timapepala, ndi kupalasa njinga kukatunga madzi oti akuluakulu ayeze. Sanaswepo botolo, ndipo amakonda kuti zimenezi zidziwike.

Kuseri kwa nyumba yawo kumadutsa mtsinje, kumtunda kwake kuli fakitale yonyika nsalu. Lolemba madzi amafiira, Lachinayi amabiriwira. Akazi awo, amene amachapira anthu zovala mumtsinjemo, manja anayamba kusupuka. Mayiwo ndi anzawo anasumira fakitale kuti paipi yake yotayira zoipa itsekedwe.

Mbali iliyonse inapeza katswiri wake. Wa fakitale anali dokotala wa malaya oyera mbee, wa odandaula anali pulofesa wa ndevu. Popeza labotale ndi imodzi, onse anatuma a Mabotolo, tsiku limodzi.

Lipoti la dokotala linati madziwo ndi oti n'kusambitsira khanda. La pulofesa linati ngakhale chule sangagonemo. Maloya anayamba kulozana zala: uyu wagulidwa, uyo walemba lipoti asanauone n'komwe mtsinje. Mawu akuti chinyengo atachuluka, a Mabotolo anaitanidwa kukhoti. Anapita atavala jekete ya alamu awo.

"Madzi a dokotala munatunga pati, bambo?" anafunsa loya wa odandaula.

"Kumtunda kwa paipi, bwana, pamene pali oyera."

"Anakutumani kumeneko?"

"Ayi. Anangoti, 'Madala, musandinunkhitsire mu ofesi.' Ndiye munthu wamkulu ngati amene uja n'kumupatsira uve m'manja? Sindinaleredwe choncho."

Loya wa fakitale, amene anali atayamba kusuzumira pansi pa tebulo, anadzuka.

"Nanga a pulofesa munawatungira pati?"

"Pakamwa penipeni pa paipi. Iwo anati, 'Achimwene, ndipezereni eniakewo, amene akuvutitsa anthu.' Ndinachita kudikira kuti atuluke akuda bii."

"Papepala la botolo munalembapo chiyani?" Apa anafunsa ndi woweruza.

"Mtsinje, kuseri kwa fakitale."

"Mabotolo onse awiri?"

"Mtsinje wake ndi umodzi, bwana."

Woweruza anavula magalasi, n'kuwavalanso. Akatswiri onse awiri analumbira kuti sanatume munthu kusankha madzi, ndipo kunena zoona sanatume. Sanafunsenso. Aliyense analandira botolo logwirizana ndi mtima wake n'kuliyeza mosamala kwambiri, mpaka manambala a pambuyo pa kadontho.

Khoti linataya malipoti onse awiri. Mlandu unaimitsidwa, paipi sinaime.

A Mabotolo atafika kunyumba, akazi awo anawaonetsa zikhatho.

"Abambo ake, ndiye kuti manja angawa munawasinthanitsa ndi ulemu?"

"Koma amayi, a pulofesa ndinawatengera akuda aja. Amenewo anali anu."

"Pamene ndimachapira ine simupadziwa? Munatungapo?"

Pamwala pamene mayiwo amachapira a Mabotolo amapadziwa ngati chikhatho chawo, koma palibe bwana anapatchula. Mpaka lero amafunsa aliyense amene angaime kuti wonama anali ndani, pakuti iwo sanathiremo kanthu, dokotala sanathiremo kanthu, pulofesanso chimodzimodzi.

Labotale inawaimitsa ntchito milungu iwiri, kenako inakumbukira kuti ilibe mesenjala wina. Khoti nalo linasankha katswiri wachitatu wosakondera mbali, mayi wochokera kutali, amene anaona matope a njira yopita kumtsinje n'kuyang'ana nsapato zake. Anapempha munthu wodziwa bwino malowo.

A Mabotolo anamangirira mabotolo panjinga, akazi awo ataima pakhomo manja atawakulunga m'nsanza. Anapalasa pang'ono, n'kubwerera pawindo la galimoto ya katswiriyo, chipewa m'manja.

"Pepani, mayi. Inuyo mumafuna madzi otani?"