Limba la agogo Mbendera

Ndikakumbukira agogo Mbendera, ndimamva fungo la palafini amene ankapukutira limba lawo, losakanikirana ndi utsi wa zinyalala zimene amayi ankatentha kuseri kwa mpanda wolekanitsa nyumba zathu ku Zomba. Sanali agogo anga enieni. Anali mphunzitsi wopuma ntchito, wosasekaseka, ndipo limba lawolo linali lopopa ndi mapazi, lopumira m'mwamba ngati munthu wokwera chitunda.

Ndinkawasesera pabwalo, iwo n'kumandiphunzitsa kuliza. Anali ndi buku lakalekale la Ajeremani, mmene nyimbo imodzi ya m'tchalitchi imayamba poyera, kenako n'kumabwerezedwa mosinthasintha, pena zala zikuthamanga pamwamba, pena nyimboyo itabisala m'dzanja lamanzere. Ine ndinkakonda zothamangazo, ndipo ankandigwira mkono. "Iwe Tiyamike, zala zakozi ndi zamatama. Nyimbo waisiya kuti? Woimba wasokera, iwe uli kalikiliki kukongoletsa." Ndinkapsa mtima, koma mawa lake ndinkabweranso ndi tsache.

Anamwalira nthawi ya kolona, ine ndili kuno ku Perth, kutsidya kwa nyanja, pa ntchito yosamalira okalamba. Malire anali otseka. Chinandiwawa kwambiri n'chakuti munthu amene anandipatsa nyimbo aikidwe m'manda ine osamuimbirako ngakhale vesi imodzi.

Amalawi anzanga anakonza mapemphero okumbukira agogo m'tchalitchi china ku Fremantle, pafupi ndi Perth. Tinali owerengeka, titatalikirana, aliyense atavala masiki. Bambo Kalua, mkulu wa mpingo, anandinong'oneza kuti, "Mayi, kuimba atiletsa. Inu mungoliza limba, ife tizingomvera."

Ndinasankha nyimbo imene Ajeremaniwo ndi ife timaidziwa tonse, ya munthu wotsanzikana ndi dziko. Koma Mmalawi angamve nyimbo ya maliro n'kukhala duu? Mzere woyamba usanathe, ndinamva kung'ung'udza kumbuyo kwanga, milomo ili yotseka. Nditalowa m'zosinthasintha zija, mawuwo anayamba kudodoma, akufunafuna njira. Ndinachepetsa liwiro, n'kuikweza nyimbo pamwamba kuti aipeze, ndipo anaipeza. Besi imene inkamveka kwambiri inali ya bambo Kalua omwe aja.

Ndinaliza mpaka kumapeto osaona bwino zala zanga chifukwa cha misozi. Maliro a agogo ndinawalira tsiku limenelo, mtima n'kukhala pansi. Mpaka lero ndikakhala pa limba, khutu limodzi limakhala kumbuyo, kwa anthu.