Tsiku Limene Jenerale wa M'mapiri Ananditengera ku Chulu cha Bray

Sendezani mipando kuno, amayi anzanga a ku Dedza, ndipo amene mwana wake akulira amuyamwitse, chifukwa sindibwereza. Ine Nabanda cholembera sindichidziwa. Ndikulankhula, mwana wanga Esinati akulemba, ndipo ndamuchenjeza kuti akachotsapo mawu ndidzadziwa.

Paja mukudziwa kuti Esinati amuna ake anatisiya, ndipo kuno ku Dublin amasamalira nkhalamba za azungu. Nditakhala naye miyezi iwiri ku Clondalkin, anandiuza kuti pali bambo wina akufuna banja, a Dikisoni, mlonda wa nyumba yosungiramo katundu ku Santry.

"Amalume ali kutali, amayi," anatero. "Muwaone ndinu. Mukati ayi, ndi ayi."

Bamboyo anatumiza mawu kuti Loweruka atitenga kukakwera phiri, ati kuti ndione mphamvu zawo.

Anafika eyiti koloko m'mawa. Nsapato zinayamba kumveka mwiniwake asanaoneke. Buluku la mizere yofiira m'mbali, chikwama kumsana ngati akusamuka, ndodo ziwiri zachitsulo, ndipo kumutu chipewa chotuwa cha ulusi wagolide, pambali pake atabayapo kaduwa koyera kachitsulo. Analowa m'nyumba n'kundipatsa moni ali chilili, chipewa chili pamutu. Kwathu mkamwini akaona apongozi amapatuka m'njira, chipewa m'manja, maso pansi. Ndinangoti mumtima, tiyeni tione.

Tinakwera basi yosanjikizana. Munthu umangogunditsa khadi, thu yuro yapita, wopanda kondakitala woti ukangane naye. A Dikisoni anati tikhale pamwamba kutsogolo chifukwa mtsogoleri amaona patali. Bondo langa lamanzere linalira pa masitepe onse, iwo osacheuka.

"Chipewachi n'cha mpingo wanji?" ndinafunsa titakhala.

"Si mpingo, mayi. Ichi ankavala Jenerale wa asilikali a m'mapiri a ku Jeremani, pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ija. Udindo waukulu! Pansi pake magulumagulu a asilikali okwera mapiri ozizira, pamwamba pake maudindo ochepa chabe. Kuntchito anzanga amanditcha Jenerale."

"Anakuvekani ndani?"

"Ndinaitanitsa pa foni."

"Oo! Kwathu udindo amachita kukulonga. Kuno amakubweretsera pakhomo ngati nkhuku yokazinga?"

Esinati ananditsina m'nthiti.

Hafu naini tinatsika m'tauni pafupi ndi mtsinje wawo wa Liffey, madzi ake oti ngakhale mbuzi ingakane. Tinakwera sitima yobiriwira yoyenda m'mbali mwa nyanja. Pawindo ndinaona azungu akusamba m'madzi ozizira, opanda sopo, opanda chowakakamiza.

Moyang'anana nafe munakhala gogo wina wachizungu, wa tsitsi loyera mbee, manja onse pa ndodo. Maso ake sanachoke pa kaduwa kaja. Kenaka analankhula motsitsa mawu, Esinati akundimasulira m'khutu. Anati kwawo ndi ku Girisi. Amayi ake ali kamtsikana, m'mudzi mwawo munabwera asilikali ovala duwa lomwelo. Anatentha nyumba, anatenga amuna a m'mudzimo, osabwereranso. Amayi akewo mpaka kumwalira sankafuna kuona duwa loyera m'nyumba. Gogoyo anapempha a Dikisoni kuti, chonde bambo, vulani mpaka ine nditsike.

Pamenepo ndinadikira. Chipewa si khungu, chimavuka.

A Dikisoni anakhosomola, n'kuyamba Chingerezi cha m'mphuno. Ati izo ndi mbiri yakale, iwo amangosirira mwambo ndi kulimba mtima kwa asilikaliwo, ndiponso chipewa anagula ndi thukuta lawo. Gogoyo anadzuka pang'onopang'ono, sitima ikugwedezeka, n'kupita kukakhala chakutali. Esinati ndi amene anamugwira mkono kumuperekeza.

"Mwambo wake uti," ndinawafunsa, "wotentha nkhokwe za amasiye?"

"Mayi, nkhani za nkhondo n'zovuta kwa munthu amene sanawerenge."

Ichi ndinachimeza, koma sichinatsike.

Hafu teni tinafika ku Bray. M'mbali mwa nyanja mulibe mchenga weniweni, timiyala tokhatokha. Esinati anagula tchipisi, faifi yuro kapepala kamodzi, mbatatesi zimene kwathu ku Bembeke ungadzaze nazo ndowa. Mbalame zoyera za kunyanja zinkatiyang'ana ngati achibale a pamaliro.

"Nanga phirilo lili kuti?" ndinafunsa.

A Dikisoni analoza ndi ndodo. "Ndi ilo, lili ndi mtanda pamwamba."

Amayi anzanga, ine amene ndatsika phiri la Dedza ndi mtolo wa nkhuni pamutu, mwana kumsana, wina m'mimba! Chimene anandilozeracho n'chulu chimene chinadya bwino.

Tinayamba kukwera. Jenerale patsogolo, ndodo kho kho kho, akuyang'ana njira pa foni pamene njira ili pamaso pawo, yopondedwa ndi dziko lonse. Anatipitirira ana, anatipitirira agalu, anatipitirira bambo wina akudya ayisikirimu. Tisanatuluke m'mitengo, Jenerale anali ataima katatu, ati akuyesa kumene mphepo ikuchokera. Mphepo imene ndinkaimva ine inkachokera m'chifuwa mwawo.

Pafupi ndi mtanda pali miyala yoti ukwere ndi manja omwe, ndipo inali yonyowa. Apo bondo langa linakana. Esinati anali pansi panga, a Dikisoni pamwamba. Dzanja la mkamwini sindikanaligwira, ndiye ananditambasulira ndodo. Ndinagwira nsonga, iwo chogwirira, n'kuyamba kukoka. Ndinati mumtima, mwina munthuyu ali ndi kanthu.

Pomwepo inabwera mphepo ya kunyanja. Chimene chinakanika apongozi, chimene chinakanika gogo wa m'sitima, mphepo inachita osapempha. Chipewa pheee!

"Chipewa changa!"

Anasiya ndodo. Ndikuti anasiya, ine ndili kumapeto kwake. Ndinakhala pansi phwata, n'kutsetsereka mpaka m'chitsamba cha minga cha maluwa achikasu, miyendo m'mwamba, chitenje chili kwina. Esinati anakuwa. Anandizula iye ndi mtsikana wina wothamanga amene sindimudziwa n'komwe. Jenerale anali uko, akukwawa m'minga, kulimbirana chipewa ndi galu wa eni ake. Galu anapambana.

A Dikisoni anabwera patapita nthawi, manja ali magazi, dazi likuwala.

"Mayi, mwavulala?"

"Ayi bambo. Koma zikomo, lero ndauona mutu wanu."

Ndinakwera ndekha miyala yotsalayo, ndi ukali. Pa mtanda tinakhala pansi ine ndi mwana wanga, iye akundichotsa minga m'mikono. Kuchokera apo umaona nyanja yonse ndi Dublin ali phee patali. Sindinama, pamenepo m'pokongola.

"Amayi," anatero Esinati chapansipansi, "mukuti bwanji?"

"Mwanawe, lero bamboyu wakumana ndi nkhalamba ziwiri. Ina inapempha, anaikaniza. Ina inagwira ndodo yake, anaitaya. Iwenso ukupita ku ukalamba komweko, ndipo tsiku lina ndiwe udzakhale kunsonga kwa ndodoyo. Ndi ayi."

Sanalire. Anangopuma kwambiri ngati munthu wotula mtolo. "Ine ndinamaliza m'sitima muja," anatero. "Ndimangodikira inu."

Pobwerera a Dikisoni anakhala mpando wawokha, akufufuza pa foni. Tinafika ku Clondalkin faifi koloko, ine ndikutsimphina. Ndinapita kukaona phiri, ndinakapeza chulu. Ndinapita kukaona mkamwini, ndinakapeza chopachikapo chipewa.

Tsono mumve mathero a aliyense. Esinati ali pa ntchito yake, akudya bwino, ndipo akuseka pamene akulemba izi. Gogo wa ku Girisi anatsika tisanafike ku Bray, sindinamuonenso, koma ndimamutchula m'pemphero ngakhale dzina sindilidziwa. Bondo langa linatupa sabata yathunthu, minga ina ikutulukabe. Galu uja anapita ndi udindo wonse kukamwa, ndipo ndikhulupirira akuusenza bwino kuposa mwiniwake. A Dikisoni ndamva kuti aitanitsa chipewa china, cha mkulu wa asilikali a pamadzi. Amene muli ndi ana aakazi kuno, auzeni asakwere nawo bwato.